Wakumchira: pa njinga kuchoka Mangochi boma mpaka kwa Chembe

Lachisanu 4 Julaye, Mangochi boma, usiku

Tafika abale. Ndikulemba izi nditagona chafufumimba pa bedi la pa resiti hausi chifukwa kukhala sindingathe, amene munakhalapo pa chishalo cha njinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka mukudziwa pamene pakuwawa, sinditchula. Kuchoka ku Liwonde kufika kuno ndi makilomita 75 ndipo msewu wake ndi wosalala, zitunda zoti munthu n'kudandaula nazo palibe, nde sindingaunamizire msewu ayi. Vuto ndi mimba yangayi ndi zaka 12 zokhala pa mpando mu ofesi.

Tilipo anthu 7. A Tcheya amene anayambitsa gulu lathu pa WhatsApp, msungichuma wathu amene amalemba mu kabuku ngakhale K200 ya nthochi, Asisi amene ndi nesi ndipo anyamula mabandeji ndi Panado ngati tikupita ku nkhondo, anyamata awiri a ku koleji amene nkhope zawo sindinazione tsiku lonse, ndimangoona misana ikuchepa kutsogolo uko, kenako a Madala a zaka 61, ndi ine. Lamulo la gulu ndi lakuti sitisiya munthu m'mbuyo, pakatha makilomita 20 aliwonse tiime tidikirane. Pa WhatsApp limamveka bwino lamuloli. Koma pamsewu zimakhala chonchi, anzako afika, akhala pamthunzi, amwa madzi, adya nzimbe, ajambulana zithunzi, iwe ukutulukira lilime lili panja ndipo usanaponde n'komwe pansi a Tcheya aimirira kale, “eya wafika, tiyeni.” Ndiye kuti wakumchira sapuma. Zimenezi palibe anandiuza ponyamuka.

Njinga yanga ndi ya magiya 27, ndinaigula pa kaunjika ku Limbe ndipo ndimaipukuta Loweruka lililonse ngati galimoto. Ya a Madala ndi yachitsulo, yakalekale, magiya atatu basi, chikwama amanga pa kaliyala ndi malegeni. Iwowo ndi okhawo amene timayenda mofanana, pena ali patsogolo panga pang'ono pena kumbuyo, ndipo mumtima ndimati bola tilipo awiri ofooka.

Titadutsa kale Ulongwe, nyanja ya Malombe ikuonekera apo ndi apo kudzanja lamanja, tinaima pakamsika kena masana kuti tigule madzi n'kupeza mashopu ambiri otseka. Ndi Lachisanu paja, anthu ali ku mzikiti. Njinga zinali ndii panja pa mzikiti, nsapato mbwee pakhomo. Mayi wina wa zitumbuwa anatuma mwana kukatitungira madzi ku mjigo ndipo ndalama ya madziwo anaikana, anangoti mugule zitumbuwa basi. Tinagula zonse zomwe zinatsala mu ndowa.

Madzulo ano a Madala anandikoka kuti tikawongole miyendo ku mlatho wa Bakili Muluzi. Shire apa ndi wotakata, wangotuluka kumene mu nyanja ya Malawi ndipo akupita kukalowa mu Malombe, mabwato ang'onoang'ono akubwerera. Ka nsanja ka wotchi ka 1903 kaja ka pafupi ndi mlathowu ambiri mumakadziwa, koma ine ndinali ndisanawerengepo chikumbutso chili chapafupi, cha sitima ya Vipya yomwe inamira mu Julaye 1946 n'kupha anthu 145. A Madala anangoti mwezi uno nyanja simasewera, mwera ukawomba ngakhale asodzi amakhala kumtunda, koma kwa ife a njinga mawa ukhala kumsana ukutikankha. Ndinafunsa za pobwerera. Anaseka osayankha.

Chambo pa lesitilanti anati K9,000 mbale. Tinayang'anana, msungichuma anatsegula kabuku kake n'kukatsekanso, tadya nsima ya utaka ya K3,500. Chipinda K12,000 tagawana awiriawiri, njinga tagona nazo mkati momwemo.

Loweruka 5 Julaye, m'bandakucha

Alamu ya foni sinagwire ntchito yake, watidzutsa ndi adhana wa ku mzikiti kudakali mdima. Kukuzizira, sindimadziwa kuti Mangochi amazizira. Tiyi wamkaka ndi masikono awiri mu tiyirumu ya pafupi ndi depoti K1,500, kapu yake ija yapulasitiki yaikulu ngati kandowa, shuga athira okha osafunsa. Lero ndi makilomita cha m'ma 80, msewu wa ku Monkey Bay kenako kukhotera ku Cape Maclear komwe kuli mudzi wa Chembe. Potuluka mtauni tadutsa mzere wa magalimoto ndi njinga zamoto pa filing'i siteshoni, ena agona pompo kudikira petulo, ndipo mmodzi wa anyamata athu anaimba belu dala. Dalaivala wina anakuwa kuti “aise ndigulitse njingayo!” kkkk tsiku lonse ndi nthawi yokhayo yomwe ndinamva kuti ndine bwana.

Namiasi, cha m'ma 8

Mwera uja ndi zoona. Ukupalasa pang'ono njinga ikuthamanga yokha, migwalangwa ikungodutsa, milambe ili mbuu yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Apa ndafika mphindi 5 zokha anzanga atafika moti ndadya nawo nthochi nditakhala pansi ngati munthu.

Ana akumationa patali ndi mahelemeti ndi zovala zowala zija amayamba kuthamanga akukuwa “azungu, azungu!” nde tikayandikira amaima n'kumayang'anana, wina ndinamumva akuuza mnzake mokhumudwa kuti “aaa si azungu, ndi anthu.” Asisi akangotsika pa njinga amayamba kaye amanga chitenje pamwamba pa kabudula wothina uja, akuti kuno sungaime pamsika choncho azimayi anzako akukuona, ndipo akunena zoona chifukwa ngakhale ine wamwamuna ndimaona maso a anthu pa kabudula wangayu.

Kupitirira Makawa, nthawi sindinayang'ane

Apa ndiye pamene zinavuta.

Titadutsa makhotero a ku mahotela a ku Nkopola aja anyamata anawonjezera liwiro, a Tcheya nawo osafuna kugonja, gulu lonse linatambasuka ngati chingwe ndipo ine ndinaganiza zoti lero lokha ndisakhale womaliza. Ndinaimirira pa mapedulo. Mbuzi inatulukira kumanzere ndi ana ake awiri, kumbuyo kukubwera minibasi ikuimba hutala, ndinakhotera kunja kwa tala n'kulowa mumchenga, kamtengo kanakodwa ku tcheni ndipo ndinangomva khwaa. Kachitsulo kosinthira magiya kakumbuyo kaja kanapindika n'kulowa m'masipoko, kenako thyoo. Ine pansi, chigongono chasupuka, botolo la madzi likugubuduka kupita kwa mbuzi zomwezo.

Ndisaname, chinthu choyamba chomwe ndinachita si kuona bala ayi, ndinayang'ana ngati pali amene wandiona. Analipo. Ana ngati 10 ndi agogo ena aakazi amene anali atasenza nkhuni, anatula mtolo n'kubwera akuti “pepani bambo, pepani,” akundisasa mchenga kumsana ngati mwana wawo.

Foni netiweki kadontho kamodzi, a Tcheya osayankha, paja foni amaika mu chikwama. Ndinakhala m'mbali mwa msewu ndikuyang'ana kachitsulo kothyokako ndipo mantha anandigwira, osati a zigawenga kapena chani, koma oti ulendo wanga wathera pano ndipo Lolemba gulu lonse lidzakhala likuseka pa WhatsApp. Kenako ndinangoona a Madala akubwerera chapansipansi, akulimbana ndi mphepo. Anayang'ana njinga, anayang'ana chigongono, anati “fupa lili bwino? Basi zinazi n'zachitsulo.” Analankhula ndi ana aja m'Chiyao, kani anagwirapo ntchito ya ulangizi ku Namwera zaka zambiri ine osadziwa, ndipo ana analanda njinga yanga n'kuyamba kuikankha atainyamula tayala lakumbuyo, akukangana kuti agwire handulo ndani.

Wokonza njinga anali pansi pa mtengo wa mango patali ngati mabwalo a mpira atatu. Shopu yake ndi mtengowo, matayala akale atapachika m'nthambi, beseni la madzi akuda loyesera chubu, pampu yomangidwa ndi waya, zipangizo mu chitini cha penti. Bambo wachikulire ndithu, kofia kumutu, amamata chubu cha wakabaza wina ndipo sanafulumire chifukwa cha ife, anamaliza kaye, kupala ndi kamwala, kupaka guluu, kuuzira, kudikira, kumata, kumenya ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. A Madala anapereka moni, “ali uli,” iwo “ndili chenene,” kenako anatembenuza njinga yanga miyendo m'mwamba n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene, ichi kuno simuchipeza. Kapena ku boma, kapenanso mpaka ku Limbe.”

Mtima unangoti phwii.

“Koma mukufuna magiya kapena mukufuna kufika?”

Anamasula kachitsulo kothyoka kaja n'kundipatsa m'manja kuti ndisunge. Anatenga nati yaikulu n'kuiika pa mwala, anagoneka tcheni pamwamba pake kuti ka pini kayang'ane pa bowo la natiyo, msomali pamwamba, hamala, kho kho kho pang'onopang'ono mpaka pini inatuluka koma osagweratu, anati ikagweratu kuibwezera n'kovuta chifukwa matcheni a njinga zathuzi ndi opyapyala sali ngati a kabaza. Anayesa pa giya ina, yalendewera, anayesa pa ina, yathina kwambiri, kachitatu anapeza pomwe tcheni imakhala mowongoka, giya yapakati kutsogolo ndi yapakatinso kumbuyo, anadula zotsalazo n'kulumikiza. Sipoko ziwiri zopindika anawongola ndi pulayala. Mafuta anathira a mu kabotolo ka mankhwala a chifuwa, oyilo wakuda wotsala ku injini. Magiya 27 anasanduka imodzi ine ndikuona.

Akugwira ntchito choncho anafunsa kuti ku Cape tikukatani, kuli maliro? Ndinati ayi tikungoyenda. Anafunsa ngati pali bungwe lomwe likutilipira. Ndinati ayi, ndalama tikuwononga zathu. Anamasulira kwa wakabaza uja m'Chiyao ndipo onse anaseka mpaka wakabaza kugwira mtengo, iye amapalasa tsiku lonse atanyamula anthu ndi matumba kuti apeze ya ufa nde pali anthu ena ochoka ku tauni kudzatopa mwadala. Ndinaseka nawo, nanga ndikanati chani.

Anati K1,500. Ndinapereka K3,000 ndipo anandiyang'ana ngati ndalakwitsa kuwerenga. Malangizo ake anali amodzi, musapalase mwaukali, mukaimirira pa mapedulo tcheni idumphira pa giya yaikulu n'kuduka ndipo kumapiri kuja kulibe mtengo wa mango wina. Sikomo kwejinji bambo inu, ngakhale dzina sindinakufunseni.

Pa mphambano ya ku Cape Maclear, 2 koloko yadutsa

Netiweki itabwera mauthenga analowa 14 nthawi imodzi. Woyamba “muli kuti”, wachisanu “tadikira mphindi 40”, wotsiriza “ife tatsogola ku Monkey Bay kukadya, tikumana kwa Chembe.” Mxiii. Ndinapsa mtima zoona, makilomita onse kuchoka kwa wokonza uja kudutsa pa mphambano ya ku Golomoti ndimangopanga ziganizo m'mutu zoti ndikawauze a Tcheya, lamulo lija munalemba nokha ndi zilembo zikuluzikulu lili kuti. A Madala osayankhira, amangoti imwani madzi.

Giya imodzi pamalo athyathyathya si yoipa, imangokukaniza kuthamanga, miyendo imazungulira mwachangu njinga osawonjezera liwiro. Bambo wina anatipitirira ndi madengu awiri a usipa wouma atasanjikiza pa kaliyala, patapata kuphazi, anatipatsa moni n'kuzimiririka. Fungo la usipa linatsala nafe kanthawi.

Koma pa mphambano tinapeza Asisi atakhala pa mwala ndi mmodzi wa anyamata aja, sanapite nawo ku Monkey Bay. Atigulira chipisi cha pa chiwaya cha K2,000 aliyense chili mu jumbo chazizira kale, kabichi pamwamba, ndi thobwa mu botolo la Sobo. Asisi anatsuka chigongono changa ndi mankhwala owawa aja akundikalipira kuti bala la mumchenga sasiya maola atatu osatsuka. Mnyamata uja ndinaona nkhope yake koyamba, kani ali ndi ndevu. Ziganizo zanga zija theka linasungunuka ndi thobwa, theka ndinasunga.

M'mapiri, makilomita 18 otsiriza

Amene munapitako pa galimoto simukudziwa kuti msewu umenewu uli ndi zitunda zingati, mumangoona mitengo. Umalowa m'mapiri a Lake Malawi National Park, nkhalango yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo ukangoyamba kukwera midzi imatha, kumangokhala miyala ikuluikulu ndi tchire louma ndi kutentha kopanda mphepo chifukwa mapiri atchinga mwera uja. Chitunda choyamba ndinayesa, ndinamva tcheni ikulira ndipo ndinakumbukira mawu a bambo a kofia, ndinatsika. Kuyambira pamenepo chitunda chilichonse ndimakankha. Nsapato zikuterereka, thukuta likulowa m'bala, ntchentche zazing'ono zikufuna m'maso.

Apa ndi pamene ndinawadziwa a Madala. Munthu amene masiku awiri ndimamuyesa wofooka mnzanga anakwera chitunda chonse atakhala pa chishalo, osaimirira, osapuma mwaphuma, anakafika pamwamba n'kutsamiritsa njinga pa mwala, kutsika wapansi kudzanditengera chikwama changa. Zitunda zitatu anachita choncho. Ndinawafunsa kuti kani mphamvu muli nazo chonchi bwanji mumatsalira ndi ine kuyambira ku Liwonde, anati “ndimaona mbalame.” Bodza lake losabisa n'komwe.

Anyani tinawapeza pa khona ina atakhala pakati pa msewu ngati apolisi a pa rodibuloko, chachimuna chachikulu chikutiyang'ana osasuntha. Mu thumba la kumsana ndinali ndi nthochi ziwiri ndipo ndinayamba kuwerengera kuti ndikathawa ndi giya imodzi chindipeza pa sitepe yachingati. Mnyamata uja anaimba belu, Asisi anaombera m'manja, anyani anasuntha mwaulesi ngati akutichitira chifundo. Ndinadutsa nditabisala kuseri kwa njinga, ndikuvomera.

Pikapu ya matola inaima, wothandizira dalaivala anati K5,000 ine ndi njinga mpaka kwa Chembe. Dzuwa linali litayamba kufiira. Ndinagwira m'thumba, ndinayang'ana a Madala, iwo akuyang'ana kumwamba kufuna mbalame zawo zija, ndinati pitani achimwene tafika kale. Galimoto itapita ndinadzitukwana.

Kenako msewu unayamba kutsika ndipo pakati pa mapiri awiri panaoneka madzi, chilumba cha Thumbi chili chakuda pakati pake dzuwa likulowa kuseri. Sindinajambule. Manja onse anali pa mabuleki omwe amalira ngati nkhumba yomangidwa pa kaliyala.

Kwa Chembe, usiku

Mchenga wa m'mudzi muno njinga siyenda, talowa tikukankha tonse anayi nde palibe amadziwa kuti wakumchira ndani. Fungo la usipa paliponse, matandala oyanikapo ali ndandanda m'mbali mwa nyanja. Ndinafuna kudziponya m'madzi ndi zovala zomwe koma Asisi anati ndi bala limenelo ayi, komanso kuno likodzo lilipo aliyense wosamba akamwe mankhwala pakapita milungu ingapo, nde ndasamba wa mu ndowa kuseri.

Pa chakudya, mpunga wa kampango K7,000 ndipo lero msungichuma sanatsegule n'komwe kabuku, ndinatulutsa theka la mawu anga lija. Sindinakalipe, ndinangoti a Tcheya lamulo lathu lili ndi bowo, kudikira munthu n'kunyamuka iye atangofika si kudikira. Anayamba kufotokoza za nthawi ndi mdima ndi njala ya anyamata, zina zinali zomveka ndithu, maola awiri kudikira pamsewu si masewera. Tinakangana pang'ono. Pomaliza tagwirizana kuti mphindi 10 zopuma ziziyamba kuwerengedwa womaliza akafika, ndipo foni ya a Tcheya izikhala m'thumba osati mu chikwama. Msungichuma walemba zimenezo kumapeto kwa kabuku, pansi pa ngongole ya nthochi.

Panopa ndakhala pa mchenga, chammbali, mukudziwa chifukwa chake. Kunyanja nyali za asodzi a usipa zayamba kuyaka, zochepa, akuti mphepo ikawomba chonchi ambiri sapita. Kachitsulo kothyoka kaja kali m'thumba mwanga kakundibaya ntchafu.

Lamulungu 6 Julaye, m'mawa

Ena apita kukaona manda a amishoni aja anafika kuno mu 1875 malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe, ine miyendo yakana, masitepe awiri a pakhonde ndatsika chammbuyo. Ndakhala ndi tiyi ndikuona azimayi akutsuka mapoto m'mphepete mwa madzi, wailesi ya oyandikana nawo ikukamba za chikondwerero cha ufulu.

Mwera sunaleke. Mitengo yonse yaweramira kumpoto, ndiye kuti mawa tikangotuluka m'mapiri uli kumaso mpaka ku boma, makilomita 60 ndi kanthu, ine ndi giya yanga imodzi. Ndafunsa kale mwakachetechete kwa mnyamata wa pa loji kuti matola oyamba amanyamuka nthawi yanji, akuti 5 koloko ndipo njinga amalipiritsa payokha. Gulu sindinaliuze. A Madala angodutsa pano ndi kabotolo ka oyilo, atembenuza njinga yanga miyendo m'mwamba ndipo akuyesa tcheni ndi chala.